Mayi Stamena ndi Galimoto Yomwa Madzi a Tchizi

Pa msewu wokhotakhota wokwera phiri kuchokera ku Kotor kupita ku Cetinje pali khona limene galimoto iliyonse inkafikapo ili wefuwefu. Pamenepo ndi pamene pankakhala Mayi Stamena, amasiye oweta mbuzi. Sukulu sanaione n'khomo lomwe. Mano anatsala anayi, koma lilime linali lathunthu.

Za injini anaziphunzira nthawi ya nkhondo. Chigalimoto cha asilikali chokutidwa ndi zitsulo chinaima pakhomo pawo chikufuka nthunzi ngati ketulo, asilikali n'kutulukamo atafiira ngati nkhanu zophika. Mkulu wa asilikaliwo anatunga madzi ozizira m'chitsime n'kukhuthulira mu injini yotenthayo. Phwaa! Chitsulo chinang'aluka.

"Bwana, kwanu kulibe akazi?" anafunsa Mayi Stamena. "Ine mbale yanga yadothi yophikira buledi ikatentha sindiyerekeza kuithira madzi ozizira."

Chigalimotocho sichinachokenso. Nkhuku zinkaikiramo mazira.

Kuyambira pamenepo, mayiwa akangomva injini ikubuula kumunsi, ankadziwiratu kuti ifuna zidebe zingati, n'kuteleka madzi. Madalaivala amene sankavulira chipewa ngakhale wansembe ankawavulira iwowa.

Ndiye kunagwa chilala, chitsime n'kuuma gwaa. Masana ena galimoto ya positi inaima pakhona paja ikuwira. M'katimo munali Zorka, mkazi wa mwana wawo, atavutika masiku awiri, khanda litapingasa m'mimba. Dokotala anali kuseri kwa phiri. Zorka ndi Mayi Stamena anali asakulankhulana zaka zitatu, chifukwa Zorka ananenapo pagulu kuti tchizi cha apongozi ake n'chowawa mchere.

"Mayi, madzi!" anakuwa Blažo, dalaivala. "Tikachedwa mtsikanayu safika."

"Ndiwatenge kuti, m'masomu?"

Anatembenuka n'kuona mphika wa madzi otsala pofinya tchizi, akadali ofunda. Anavula duku, nasefera madziwo m'chidebe.

"Mayi, mwazungulira mutu? Iyi ndi galimoto ya boma, si kamwana ka mbuzi!"

"Tseka pakamwa, iwe Blažo, ndinakusambitsa ndine uli khanda. Liza injiniyo pang'onopang'ono."

Mayiwo anathira kamtsinje kowonda ngati ulusi, khutu lili pachitsulo, akunong'oneza injiniyo ngati mbuzi yokana kukamidwa. Nthunzi inayamba kuchepa. Kubuula kuja kunasanduka kulira kosalala. Amuna atatu amene anali m'galimotomo anangoti kukamwa yasa, wina n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Apongozi, ndikufa ine," anatero Zorka ndi mawu otsika.

"Ufe chiyani iwe, usanandipepese za mchere zija? Pita ukabereke."

Galimoto inakwera phiri lonselo osaimanso. Dzuwa lisanalowe kunabadwa mwana wamkazi, mayi wake ali moyo, ndipo Zorka yemweyo ndiye anamutcha Stamena.

Galimoto ija inanunkha tchizi mpaka tsiku limene inatha ntchito, agalu a m'midzi yonse akuithamangira. Blažo sankakwiya. Akafika pakhona paja ankavula chipewa, ngakhale mayiwo atamwalira kale.