Ndinagwadira lole ya apongozi

Kwathu ndi kwa Chikomeni, koma ndinakwatiwa kwa Mphamba, m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Fort Jameson kupita ku Boma la Lundazi. Nyumba zathu zili kumtunda kwa msewu, chitsime chili kumunsi m'dambo. Motero mkazi aliyense wa pamudzipo amawoloka msewuwo kanayi kapena kasanu pa tsiku.

Galimoto zinali zochepa. Imene tinkaidziwa bwino inali lole ya Mmwenye wina wa sitolo. Inkadutsa Lachiwiri ndi mchere, nsalu ndi sopo, n'kubwerera Lachinayi itasenza mtedza. Woyendetsa anali apongozi anga, bambo wa mwamuna wanga. Ntchitoyo anaiphunzira ku Halale ali mnyamata, ndipo pamudzi ankawanyadira kwambiri. Ngakhale kutchalitchi ankangowatchula kuti adalaivala.

Kumwera kwa mudzi kuli chitunda chachitali. Lole ikamakwera kuseri kwake inkalira ngati ng'ombe yomangidwa, ndipo tinkaimva ikadali kutali. Nthawi inalipo yoti munthu athamangitse mbuzi, aanule mphale, aitane ana. Palibe amene anatiphunzitsa kuyang'ana msewu. Tinkangoumvera ndi makutu.

Ndisanapite kubanja, azakhali anandilangiza za apongozi aamuna. Anati sayang'anidwa kumaso ndipo salankhulidwa. Ukakumana nawo panjira upatuke, ugwade chowafulatira, uwombe m'manja mpaka adutse. Kwa ine zimenezi sizinali zovuta, pakuti manyazi ndinabadwa nawo. Kusukulu ya m'mudzi, zaka zitatu zimene ndinapitako, ndinkadziwa yankho koma osakweza dzanja.

Sabata yoyamba ndinafunsa apongozi aakazi ngati munthu amagwadiranso lole. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkamwana, kodi akalowa m'chitsulo ndiye kuti asiya kukhala atatavyala ako, bambo wa mwamuna wako?"

Choncho Lachiwiri lililonse lole ikandipeza kumsewu ndinkagwada, fumbi n'kumandithira kumsana. Akazi anzanga ankandiseka kuti ndine ndekha m'dziko muno wopembedza matayala. Koma akuluakulu ankanditama kuti ng'ombe zawo sizinapite pachabe.

Kenaka kunabwera nkhondo ya Azungu. Mwamuna wanga analembedwa usilikali, anandisiya ndi mwana wamkazi woyenda kale, wina ali m'mimba. Petulo anayamba kusowa. Apongozi anapeza nzeru yawo: akafika pamwamba pa chitunda ankazimitsa injini, n'kuisiya lole kuti itsetsereke yokha. Inkabwera ndi liwiro loposa kale, chifukwa ankafuna kuti idutse mudzi ndi kamlatho ka m'dambo asanailizenso. Amuna pabwalo ankachita nazo chidwi. Ankati adalaivala athu amayendetsa ndi mphepo.

Kunali m'chilimwe, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinali kuchokera kunyumba ndi mtsuko wopanda madzi, dzanja lina nditagwira mwana wanga. Anali ndi zaka zitatu. Iyenso ananyamula kachipanda kake, poti ankati akatunge ake. Tinawoloka msewu bwinobwino. Titangoponda tsidya linalo ndinamva miyala ikuthetheka ndi matabwa akugwedera, ndipo nditacheuka lole inali pafupi. Ndinaona chipewa cha apongozi.

Sindinaganize kalikonse. Thupi linachita zimene linazolowera. Ndinatula mtsuko, ndinafulatira, ndinagwada, ndipo pofuna kuwomba m'manja ndinasiya dzanja la mwana.

Iye ankaidziwa loleyo. Agogo ake akaima pamudzi ankamupatsa shuga wa m'kapepala. Ndinamumva akuti, "Agogo," osati mokuwa, koma mmene mwana amanenera akaona chinthu chake. Ine ndinali kuwomba m'manja, maso ali pa udzu. Ndikukumbukira kuti pa udzupo panali nyerere zitanyamula phiko la chiwala. Ndinawombanso ngakhale nditamva kugunda kuja, chifukwa manja anali asanadziwe.

Lole inakaima kupitirira kamlatho. Inali ndi matumba a mchere odzaza, ndipo mabuleki okha sakanaigwira pamtsetse. Apongozi anabwerera chothamanga, opanda chipewa. Aka kanali koyamba kuti ndione nkhope yawo yonse.

Pamaliro anthu ananena zambiri. Ena anati alipo wa nsanje amene anatchera pamsewu chifukwa cha ntchito ya apongozi. Ena ankanong'ona kuti mayi wanzeru sataya dzanja la mwana, ndipo anali omwe aja ankanditama. Za injini yozimitsidwa palibe anatchula. Mzungu wa ku Boma anabwera ndi womasulira, ndipo atandifunsa chimene ndinaona, ndinayang'ana pansi. Sindinaname. Ndinalibe chimene ndinaona.

Apongozi anakhala masabata awiri osagwira chiwongolero. Atayambanso, lole inkamveka ngati kale, ndipo ndinkati nkhani yatha. Koma mvula itayamba petulo anachepanso, ndipo Lachiwiri lina tinangoona mbuzi zikubalalika popanda chimene tamva.

Mwana wachiwiri anabadwa wamwamuna. Nthawi yonse imene anali kumsana ndinalibe mantha ambiri. Kuchitsime ndinkapita m'mawa kwambiri, ndipo Lachiwiri sindinkapitako konse, ndinkatungiratu dzulo lake. Koma masana ndikamasinja, nthawi zina ndinkamva mawu aja, "Agogo," kuchokera kumsewu. Ndinkaima, munsi uli m'mwamba. Apongozi aakazi ankaona koma osafunsa.

Mwanayo atayamba kuyenda, miyendo yake inkangoloza kumsewu. Kumeneko n'kosalala, kulibe zitsa, ana amakukonda. Tsiku lina ndinalowa m'nkhokwe kukatapa chimanga, ndipo potuluka sindinamuone. Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa msewu akudya dothi, fumbi la lole lisanakhazikike. Mkwaso wa tayala unali pafupi ndi phazi lake, mwina kutalika kwa chikhatho changa. Ine sindinamve kanthu.

Ndinapempha apongozi aakazi kuti akawauze amuna awo. Anati munthuyo ali ndi bala kale, tisalitokose. Ndinapempha mlamu wanga wamkazi. Iye anati chiyambire sanamvepo mkazi wosadziwa ngakhale kupalasa njinga akuphunzitsa dalaivala, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna kubwezedwa kwa Chikomeni. Mwamuna wanga ndinamulembera kalata, koma sindidziwa ngati inafika.

Ndinakhala masiku awiri ndikuyeseza mawu kumunda, ndikuuza mapesi.

Lachinayi masana lole inaima pamudzi pobwerera. Apongozi anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, akumwa chindongwa, thobwa la kuno, m'chipanda, akazi awo ali pamphasa. Ndinapita ndi mwana. Ndinagwada patali, chammbali, n'kumukhazika pakati pathu. Mwambo umalola kuti mkamwana alankhule ndi mwana apongozi akumva, ngakhale mwanayo asakudziwa kulankhula. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza.

"Mwanawe, uwauze agogo ako kuti ife pano tilibe maso a msewu. Tili ndi makutu okha. Uwauze kuti akafika pachitunda asamazimitse."

Apongozi aakazi anandifunsa ngati ndamwa kanthu. Amuna awo anawaletsa ndi dzanja. Anaika chipanda pansi, n'kuyang'ana mdzukulu wawo, amene anali kutola masamba.

"Uwauze amayi ako kuti mafuta amachita kundiyezera. Ndikapanda kuzimitsa, ndithera panjira."

"Uwauze kuti akathera panjira adzafika mawa lake."

Sindinapitirize, koma onse anamva chimene chinatsala. Nkhuku inabwera kudzajompha m'chipanda chawo ndipo palibe anaiingitsa. Ndinaona kuti ndikangonyamuka sindidzayambanso, ndiye ndinanena ndi china chimene sindinayeseze.

"Uwauzenso kuti ine kumsewu sindidzagwadanso. Asadzayese chipongwe. Manja adzakhala atagwira iwe."

Apongozi anamukoka mwanayo n'kumuika pamwendo, ndipo analankhula naye motsitsa, ngati nkhani ya awiri.

"Uwauze amayi ako kuti tsiku lija ndinawaona akugwada. Maso anga anali pa iwo, kuti ndikweze dzanja ndiwayankhe ulemu wawo. Mlongo wako sindinamuone."

Zimenezi sindinkazidziwa. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti wosaona ndinali ine ndekha. Ndinatenga mwana wanga n'kubwerera kunyumba, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

Lachiwiri lotsatira ndinali kuseri kwa nyumba ndikupeta. Ndinamva injini kuseri kwa chitunda. Inafika pamwamba, pamene inkakhala chete, ndipo sinakhale chete. Inatsika ikubuula pang'onopang'ono, hutala ikulira kuyambira pamtengo wa mkuyu wa pachitundapo mpaka pamudzi. Ana anathamanga kukaona ngati yawonongeka. Ine ndinakhala pansi ndi lichero pamwendo. Ndinkawerenga mumtima nthawi imene inatenga kuti ifike, ndipo inali yokwana kutula mtsuko, kunyamula mwana, ngakhale kubwerera kukatola kachipanda.

Kawiri konse chaka chimenecho mafuta anawathera asanafike ku Boma. Ulendo wina anayenda pansi kukapempha ng'ombe zoti zikoke lole, ndipo amuna aja ankawatama anayamba kuwaseka kuti akalamba, akuopa chitunda. Mmwenye anawakalipira. Iwo sanasinthe. Chiyambire tsiku la pansi pa mango sitinalankhulanenso, ngakhale kudzera mwa mwana.

Koma msewu si wa apongozi okha. Masiku ano kumadutsa malole ena, a asilikali ndi a fodya, oyendetsa ake osatidziwa, ndipo ambiri amazimitsa pachitunda pomwe paja. Ndinayamba kuima m'mphepete ndi kuyang'ana uku ndi uku ndisanawoloke. Akazi ena ayamba kutero, ena amati ndimadikira mwamuna wanga. Alipo akuluakulu amene mpaka lero amanena kuti mkamwana wa kwa Chikomeni amaimirira njo apongozi ake akudutsa. Ndikawamva ndimachita manyazi ndithu.

Mnyamata wanga tsopano ali ndi zaka zisanu. Lole ikamatsika ndimamugwira pamkono, osati pachikhatho, chifukwa chikhatho chimapulumuka. Apongozi amadutsa maso ali kutsogolo, sakweza dzanja. Mwanayo amadzipotokola, amati, "Amama, mukundipweteka." Ndimamumva. Ndimamusiya fumbi likakhazikika, ndipo pamkono pake pamatsala zala zanga zinayi.