Chinthu Chopanda Wochituma

Ntchito yanga yoyamba inali ya bodza, ndipo ndinkaitha. Pa Bangula, kuseri kwa msika wa nsomba, bambo wina anali ndi vidiyo m'chishedi cha malata, mazenera atatseka ndi masaka. Ine, poti ndinalawako sekondale, ndinkaima pambali pa kanemayo n'kumamasulira zolankhula azungu. Chizungu chikandithawa ndinkangopeka. Akanandigwira ndani? Zinali zaka zija zoti polowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani, ndipo anthu tinali titazolowera kulandira zimene tauzidwa.

Pakhomo pa shediyo mayi anga aang'ono ankagulitsa mandasi, n'kumaonera ulere pa mpata wa chitseko. Amuna awo anasowa dzinja lapitalo kwa Nyachikadza. Anapita kukaona miono m'dambo, bwato n'kubwera lokha, nkhafi ili momwemo. Magazi ayi, mtembo ayi. Mayiwo anaombeza kwa asing'anga atatu, aliyense n'kutchula munthu wakewake, ndipo mayiwo anasiya kupereka moni pa makomo atatu onsewo. Chidani chimenecho ndicho chinkawadzutsa m'mawa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, mwini vidiyo anaika tepi yopanda chikuto. Munali amuna m'sitima, pakati pa nyanja yosaoneka tsidya, ndipo pansi pa sitimayo panali chinthu. Sanachionetse ngakhale kamodzi. Madzi ankangoda, mbalame n'kuthawa, ndipo wosuzumira m'madzimo ankabwerako atasiya kulankhula. Ine ndinaiwala kutentha, khosi nditasolola kufuna kuona ngakhale mchira wake.

"Ng'ona imeneyo!" anakuwa wina.

"Mvuu, iwe!"

Kenako msodzi wachikulire kumbuyo anafunsa m'Chisena funso lenileni: "Mbani adachituma?"

Kwathu kuchigwa ng'ona siingogwira munthu. Pamadoko timatunga madzi ambirimbiri, nanga isankhiranji mmodzi? Imakhala yatumidwa, ndipo wotumayo ali ndi dzina, khomo ndi chifukwa. Tsono shedi yonse inatembenukira kwa ine.

Mwatsoka, apa m'pamene Chizungu ndinachimva bwinobwino. Mzungu wina wa magalasi m'sitimamo ankalankhula pang'onopang'ono, kuti chinthucho chinalipo anthu asanakhaleko, sichidana nafe, sichikudziwa n'komwe kuti tilipo. Ndinaopa, inde, koma chidwi chinaposa mantha. Chinthu chingakuphe bwanji chisakukudziwa? Mfiti bola, imadziwa dzina lako ndi la amako.

Zimenezo sindikanaziuza anthu olipira ndalama zawo. Ndinakweza mawu: "Akuti anachituma ndi mchimwene wake wa kaputeni! Ankalimbirana sitimayo!"

Shedi yonse inapuma. "Ndinadziwa ine!" anatero msodzi uja. "Abale ndiwo amatha anthu." Anthu anatuluka okhutira, akumutukwana mchimwene amene sanaonekepo m'kanemamo.

Potuluka, mayi aang'ono anandikola dzanja.

"Mwanawe, mzungu uja analankhula nthawi yaitali, iwe mawu ako anali awiri. Ndipo nkhope yake sinali ya munthu wonena za m'bale wake. Anati chiyani?"

Ndikanatha kunamanso, ndiyo inali ntchito yanga. Koma zimene ndinamvazo sizinkandichoka m'mutu, ndipo ndinkafuna wina woti tidabwe naye limodzi. Uchitsiru wake unali pamenepo. Ndinawauza zonse, mokondwa ngati ndatola kanthu panjira.

"Palibe anachituma, mayi. Chimangokhalapo. Anthu aja anangodutsa pomwe chinali, basi."

Anayamba kuingitsa ntchentche pa beseni la mandasi. Ndinayamba kumva manyazi mochedwa.

"Ndiye kuti bambo ako aang'ono anangodutsa?" anatero. "Palibe anawafuna, ngakhale kuwafunira zoipa?"

Kenako anapitiriza:

"Anthu atatu aja ndimawada, n'chifukwa chake ndimagona tulo. Ukandilanda amenewo nditsala ndi madzi okhaokha. Madzi ndiwakwiyira bwanji, poti mawa lomwe ndikatunga?"

Anaphimba mandasi otsala ndi nsalu, ine n'kuwasenzetsa beseni. Atayenda pang'ono anacheuka.

"Mawa akaikanso tepi imeneyi, unene za mchimwene uja. Ukweze mawu, ndimve pakhomo pano."

Tepiyo inakhala sabata yathunthu, ndipo tsiku lililonse ndinkakweza mawu.