Mpando wa Pambali pa Bedi

Chaka chilichonse kumabwera atsopano, majasi oyera mbee, kudzaphunzira za opaleshoni, ndipo chaka chilichonse dokotala wamkulu wa wodi ya abambo amayambiranso poyambira. Ndi mayi amene imvi zinawamerera m'wodi momwemo. Ophunzira anawapatsa dzina loti a Mwawafunsa, chifukwa ukangogwira cholembera kuti ulembe mofini, iwo ali kale kumbuyo kwako: "Odwalawo mwawafunsa?"

Lolemba anawakalipira. Wina anali atalembera gogo wa impso zofooka mlingo wa mofini wofanana ndi wa chimunthu chonyamula matumba, poti onse anang'ambidwa pamimba. "Mankhwala oletsa ululu awa akachuluka, munthu amagona, kupuma n'kumachepa, osadzukanso," anatero.

Ophunzira anamva, koma anamva mopyola.

Lachitatu a Mwawafunsa anapeza kalipentala wachikulire, amene anachitidwa opaleshoni dzulo lake, atagona chagada ngati thabwa, thukuta lili kamukamu, manja atakakamira chitsulo cha bedi.

"Awa mwawapatsa chiyani?"

"Panado, adokotala," anayankha wophunzira wamtali. "Paja munati mofini amapha."

"Ndinati muzisamala. Mwawafunsa?"

"Ndawafunsa. Akuti ali bwino."

Mayi aja anatsinzina pang'ono. Bambo wamsinkhu uwu sadandaula pamaso pa dokotala. Koma akamaopa kutsokomola chifukwa cha ululu, makhololo amadzaza m'chifuwa, chibayo n'kumupeza.

"Bambo, tatsokomolani."

Kalipentala anayesa. Nkhope inakwinyika, misozi inalengeza. "Pepani, mayi," ananong'ona. "Sindinafune kuvutitsa anawa."

"Anawa anabwerera zomwezo, kudzavutitsidwa."

Anauza wamtali uja kuti alembe mlingo wochepa, wolingana ndi thupi ndi zaka za bambowo. Namwino atabaya jakisoni, wophunzirayo anatembenuka kuti azipita. A Mwawafunsa anakoka mpando ndi phazi.

"Khalani apa. Maso pachifuwa, muziona chikukwera ndi kutsika. Akayamba kuwodzera mwachilendo, mundiitane."

"Koma kuthiyeta akuyamba opaleshoni, adokotala."

"Mpeni suthawa."

Pobwerera masana, a Mwawafunsa anamva kutsokomola kwamphamvu akadali pakhonde. Kalipentala anali atakhala tsonga, akulangiza dokotala wamng'onoyo kuti mpando wakhalirawo mwendo wake ndi wogwedera, anaukhoma ndi munthu waulesi.

A Mwawafunsa sanaime. Pa bedi lotsatira, wophunzira wina anali atatulutsa kale cholembera.