Banjo Yozizidwa

Dzulo ku Limbe, posankhira mdzukulu wanga banjo yophunzirira, ndinanunkhiza chikopa chake. Wogulitsa anaseka, koma fungo la mbuzilo linali litandibweza kale ku Soche.

Abambo anali ndi banjo ya chitini cha palafini ndi chikopa cha mbuzi. M'mawa kukazizira ankaiyanika padzuwa.

"Abambo, mukuiyanikiranji?"

"Yazizidwa, mwanawe. Yozizidwa silira bwino."

Tsiku lokakwera sitima ya ku Joni anandisiyira ine banjoyo. Pogona ndinkaifunditsa bulangete langa, ine n'kugona chodzipinda; kukacha, ndinkathamangira nayo padzuwa. Amayi ankangondiyang'ana.

Mdzukuluyo ndamutengera yachikopa, osati yapulasitiki. Ndinadziwa nditakula kuti dzuwa linkangokunga chikopa basi, koma ya abambo ija ndinaisunga yofunda mpaka inang'ambika, mwiniwake osabwera kudzaiimba.