Yankho limene ndinachonga ku Chulu

Nditamaliza Fomu 4 ndinapeza ganyu ku bungwe lina limene linagawira anthu olumala njinga zopalasa ndi manja. Ntchito yanga inali kuyendera amene analandira, kuwafunsa za moyo wawo, n'kuchonga papepala: wasintha kwambiri, wasinthako, kapena sunasinthe.

Ku Chulu ndinafika pakhomo pa bambo ena amene miyendo yawo inafota akadali mwana. Ndinawapeza m'chigafa atakhala pachiguduli, akusoka fodya. Njinga ija inali pakhonde, fumbi lokhalokha.

"Bambo, chilandirireni njingayi, moyo wasintha bwanji?"

"Achimwene, mwabwera pa kabaza?" anandifunsa.

"Eya."

"Pamchenga paja, kuseri kwa dambo, munatsika?"

Ndinavomera. Tinali titatsika kawiri, wakabaza akukankha njinga.

"Inu munatsika n'kuyenda. Ine ndikatitimira pamenepo ndimadikira wodutsa. Lamulungu lina ndinakhalapo mpaka anthu anandipeza akuchokera kutchalitchi kumene ndinkapitako. Lembani zimenezo."

Papepala panalibe polemba zimenezo. Komanso abwana anali atatiuza kuti mayankho akakoma kudzabwera njinga zina, ifenso ganyu idzapitirira. Ndinaphimba pepala ndi dzanja n'kuchonga "wasinthako".

"Mwachonga pakatipo," anatero.

Sindinaganizeko n'komwe kuti amadziwa kuwerenga. Ndinawaona miyendo, basi n'kuwayesa osaphunzira, chonsecho ndi iwo ankalemba makalata a kalabu ya alimi m'mudzimo. Zimenezi ndinazimva kwa wakabaza pobwerera. Bambowo sanandikalipire. Anatola singano yawo n'kupitiriza kusoka. Akazi awo anandipatsa mtedza m'kajumbo, ine n'kulandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Cholembera chinali m'thumba, ndikanatha kufufuta. Sindinafufute.

Dzinja lotsatira ndinawaona pa depoti ya maminibasi ku Kasungu. Akazi awo ankawatsitsa m'galimoto kuti awabereke kumsana, ulendo wa kuchipatala. Ndinafuna kulowa m'golosale, koma anali atandiona kale.

"Achimwene a mafunso, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu, bambo?"

Sindinapepese. Ndinangotenga chikwama chawo n'kumawatsata pambuyo. Mayiwo anapuma katatu panjira. Pageti analandira chikwamacho, nathokoza, nalowa.