Makina anu asanduka chisa cha nkhuku

Bambo a Chisomo, dzulo ndinadutsa kwa achimwene anu ku Nsanama, ndipo ndawaona makina anu aja osemera miyendo ya mipando. Ali pakhonde, achita dzimbiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinakumbuka tsiku limene munafika nawo kuno ku Balaka. Zaka zonse zija ine ndinkapukusa gudumu la njinga ndi manja kuti mtengo uzizungulira, inu mukusema. Tsikulo munangolumikiza kumagetsi, mtengo n'kuyamba kuzungulira wokha. Munandikhazika pampando n'kunena kuti, "Mayi a Chisomo, manja anuwo apume tsopano. Inu muzingoonerera ngati abwana." Tinaseka, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

Ndiye taonani, tisanasese n'komwe pamaliro anu, anthu oti sanagwirepo ngakhale sowo anayamba kulimbirana makinawo, ati ndi chuma cha m'bale wawo. Alamu angawo misozi inkawavuta kutuluka, koma mphamvu zonyamulira zinalipo. Anakweza palole osadzifunsa ngati kwawoko kuli magetsi. Kulibe! Dzulo, opanda ndi manyazi omwe, akuti, "Alamu, simungatipezereko wogula?" Ndinati iyayi, zisiyireni nkhukuzo, pakhomo pano ndi zokhazo zimene zikudziwa chochita nawo.

Gudumu lakale lija analisiya, ati ndi zinyalala. Pumani mumtendere, bambo. Mwana wanu Chisomo ndiye akusema, ine ndabwerera kopukusa, ndipo ana anu sanagonepo ndi njala.