Kompyuta yopanda A

Chaka chimene sukulu yathu ya pulayimale ku Chinsapo inalandira kompyuta, ine ndinkaphunzitsa Sitandade 7. Inali imodzi yokha, mphatso yochokera kwa munthu wina amene anaphunzira pomwepo kalekale. Ahedi anaiika mu ofesi mwawo, poti magetsi anali momwemo mokha, n'kuifunditsa chitenje kuopa fumbi.

"Madamu, inu ndiye muziphunzitsa ana zimenezi," anatero ahedi.

"Bwana, ine kompyuta sindiidziwa."

"Si inu muli ndi foni yagalasi lokhalokha? N'chimodzimodzi, kungoti iyi ndi yonenepa."

Ana anali ochuluka zedi, ndiye ndinkawaika pamzere kuchokera pakhomo la ofesi mpaka pamtengo wa mango. Aliyense ankalowa, kudina chilembo chimodzi, n'kutuluka. Magetsi akazima mzere unkabalalika, mawa lake n'kuyambira pamene tinalekezera. Amene sanafikeko ankayeserera pa makatoni a sopo omwe ndinajambulapo mabatani ndi makala. Mtsikana wina anakweza mkono n'kundiuza kuti katoni yake yazima. Tsiku lina nditanena kuti kachipangizo ka mchira kaja amakatcha mbewa, mnyamata wina wa ku Mitundu anakanyamula n'kukanunkhiza.

Pamsonkhano wa makolo, bambo wina wogulitsa usipa pamsika anaimirira.

"Ahedi, mwana wanga akuti akuphunzira kompyuta. Ndamufunsa chimene wadziwa, akuti anadina K. Temu yonseyi, K."

"Temu ya mawa adina L, bambo," ndinayankha.

"Ndiye dzina lake adzalimaliza ali ndi ndevu?"

Anthu anaseka. Mayi wina, mkulu wa mpingo wochokera kumpoto, sanaseke nawo. Anati mwana saphunzira kupalasa njinga pogwira belu lokha, ndipo tikamangodikira aboma ndi amabungwe, ana athu adzatuluka sukulu akudziwa makatoni. Atatero anavula chipewa pamutu pa amuna awo n'kuyamba kuchiyendetsa m'mizere kuti tisonkhe ndalama zogulira makompyuta ena. Amuna awowo anatsala dazi lili mbee padzuwa.

Zimene zinagwa m'chipewa sizinakwane, ndiye aphunzitsife tinagulitsanso mandasi pa buleki temu yonse. Pamapeto pake tinakwanitsa kugula imodzi yakale basi, kwa munthu wina wa ku Area 23. Inabwera pa kabaza itamangidwa ndi mphira ngati thumba la makala.

Kuyaka inayaka bwinobwino. Koma batani la A silinkagwira. Tsono m'Chichewa mungalembe chiyani popanda A? Mwana woyamba analemba "bmbo", wachiwiri "myi". Ndinapita kukadandaula kwa ahedi.

"Zilembo zinazo zatha?" anandifunsa.

"Zilipo, bwana, koma imeneyi ndiye ili paliponse."

Ahedi anati, "Mwana akafika pamene pakufunika A, azingoitchula pakamwa mpaka tidzapeze ndalama zokonzetsera."

Tinachitadi zomwezo. M'mawa uliwonse ana ankaima pamzere, akulowa mmodzimmodzi, ndipo mu ofesi munkamveka "aaa", kenako phee, kenako "aaa". Anthu odutsa pamsewu anayesa kuti kwabwera achipatala kudzabaya katemera. Lachinayi lake tinapeza amayi a m'dera lomwelo atakhala kale kumapeto kwa mzere, makanda ali kumsana, mabuku a kusikelo ali m'manja. Ahedi anatuluka kukawafotokozera, koma mayi wina anati poti wafika kale, naye adineko chilembo chake.